Kabokosi kopanda fani kumbuyo kwa mawu a wailesi yathu

Wailesi ikakhala chete mphindi ziwiri chabe, omvera sadikira. Kondakitala mu minibasi amatambasula dzanja n'kusintha siteshoni, amayi ogulitsa kapenta pa Chisokone nawonso chimodzimodzi, ndipo uthenga wa maliro umene banja linalipira kuti uwerengedwe umapita popanda woumva. Ine ndimagwira nchito yodzipereka pa wailesi yaing'ono ya m'dera kuno ku Kitwe. Loweruka masana ndimakhala ndi pulogalamu ya Chinyanja, ya ife akum'mawa ndi a ku Lusaka amene tikukhala pakati pa achimbuya athu a Chibemba. Masiku ena onse ndine munthu wa mawaya, uja amene amaimbiridwa foni usiku nyimbo zikaima.

Pa siteshoni ngati yathu, zambiri zimene mumamva zimachokera mu kompyuta imodzi. Nyimbo, zotsatsa malonda, mauthenga a tchalitchi ndi a kiliniki, zonse zimandandalikidwa m'menemo, ndipo usiku mu situdiyo mukakhala mulibe munthu, kompyutayo ndiye muulutsi. Pa zaka zinayi tinaika m'manda makompyuta atatu a mu ofesi, aja aakulu oikidwa pansi pa tebulo. Onse anafa imfa yofanana. Kuyambira August mpaka October mphepo imanyamula fumbi la m'misewu ya m'komboni ndi la ku milu ya zotsalira za migodi, monga Black Mountain ku Wusakile. Fani ya kompyuta imakoka mpweya kuti iziziritse mkati, ndiye imakokera limodzi ndi fumbilo. Pakapita miyezi ingapo mkati mumakhala ngati mwayalidwa bulangeti, fani imayamba kulira ngati chigayo, kenaka imaima. Kutentha kwa October, pamene kunja kumapitirira madigiri 30 ndipo pansi pa malata n'koposa apo, kumamaliza nchito.

Chaka cha 2024 chinawonjezera vuto lina. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi mu Kariba anatsika kwambiri, magetsi anachepa, moti pofika September madera ambiri ankakhala opanda malaiti maola opitirira 20 pa tsiku. Kompyuta wamba sikonda kuzimidwa mwadzidzidzi. Hard disk yake ili ndi mbale zozungulira mkati, ndipo magetsi akaduka pamene ikulemba, mafailo amawonongeka. Tinafika poti m'mawa uliwonse timayamba ndi kupemphera kuti iyake.

Nzeru inachokera kwa bashikulu amene ali mu komiti ya wailesi yathu. Anagwira nchito ya zida zoyezera ndi kuyendetsa makina mu mgodi zaka zambiri asanapume. Tsiku lina atandipeza ndikupuliza fumbi mu kompyuta ndi pampu ya njinga, anaseka. "Iwe mwaice," anatero, "ukuvutika ndi chinthu chimene chinapangidwira ofesi ya kapeti. Ku mgodi sitinkaika zotere." Anandifotokozera kuti m'mapulanti ndi pansi pa nthaka, kumene kuli fumbi, chinyezi ndi kugwedezeka, amagwiritsa nchito makompyuta a mtundu wina. Anapereka chitsanzo cha Konkola ku Chililabombwe, umodzi mwa migodi ya madzi ambiri padziko lonse, kumene mapampu sayenera kupuma. Makina oyang'anira malo otere sangadalire munthu wobwera ndi pampu ya njinga.

Makompyuta amenewa amapangidwa ndi makampani monga Advantech ya ku Taiwan. Ndi kabokosi ka aluminiyamu, kukula kwake ngati buledi, kolemera ukakanyamula, kopanda fani ngakhale timabowo tolowera mpweya. Pamwamba pake pali mizere yotumphuka ngati ya pa injini ya njinga yamoto. Kutentha kwa mkati kumadutsa mu chitsulocho n'kutulukira pa mizereyo. M'malo mwa hard disk yozungulira muli SSD, imene ilibe chilichonse choyenda. Kathu tinakapeza kogwirapo kale nchito, kwa wogulitsa zida za m'mafakitale ku Ndola, ulendo wa makilomita pafupifupi 60 pa msewu waukulu. Pepala lake linkanena kuti kamagwira nchito pakati pa madigiri 20 pansi pa ziro ndi madigiri 60, ndipo kamalandira magetsi a batire kuyambira mavolti 9 mpaka 36.

Mu komiti munali mkangano. Mtengo wa kabokosiko unali wokwanira kugula makompyuta awiri a salaula, ndipo ndalama zathu zimachokera ku mauthenga a maliro, a maukwati ndi zotsatsa za mashopu a m'komboni. Amayi osunga thumba anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Ndalama zonsezi, kanthu kopanda ngakhale sikirini?" Funso lawo linali loyenera, chifukwa kakanafa, palibe shopu m'tauni imene ikanatipatsa sipeya tsiku lomwelo. Bashikulu anangowerengera pa zala makompyuta atatu aja, ndi masiku amene tinabweza ndalama za otsatsa chifukwa chokhala chete. Amayiwo anasaina, koma anandiuza kuti, "Mwana wanga, kakafa mudzafotokoza ndinu pa msonkhano."

Tinakaika mu November, mvula isanalimbe. Apa ndi pamene ndinaona kuti kulimba kwa chida kumadalira kwambiri manja amene akuchiika. Choyamba chinali malo. Tinakamangirira pa khoma la mkati, losawombedwa ndi dzuwa la masana, mizere yake italoza m'mwamba kuti mpweya wotentha uzikwera wokha, ndipo tinasiya mpata wa chikhatho mbali zonse. Kakamagwira nchito kamafunda ukakagwira, ndipo ndi mmene kayenera kukhalira. Mlongo wina amene amasesa mu situdiyo anafuna kukaphimba ndi chitenge, monga timachitira ndi TV kunyumba, kuti kasade. Tinamata pepala pambali lolembedwa mu Chibemba ndi Chinyanja loletsa kuphimba.

Chachiwiri chinali magetsi. Kabokosiko kalibe pulagi yolowetsa pa khoma. Kali ndi kachidutswa kobiriwira kokhala ndi timasikuluwu, pamene umalowetsa waya wa pulasi ndi wa mainasi. Bashikulu sanalole kuti ndimange waya ndisanayeze ndi mita kawiri, ndipo anaika fyuzi pafupi penipeni ndi batire, kuti waya ukakhudzana penapake ipse fyuzi m'malo mwa nyumba. Ubwino wotenga magetsi pa batire mwachindunji ndi woti sudutsa mu inveta, imene imadyako gawo lake posandutsa mavolti 12 kukhala 230. Masamu ake ndi osavuta. Batire ya mavolti 12 ndi ma Ah 100 imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye timawerengera 600. Kabokosi kathu titakayeza kankadya mawati pafupifupi 20, kutanthauza maola 30 pa batire imodzi. Kompyuta yakale ija inkadya kasanu kuposa apo, osawerengera sikirini.

Chachitatu chinali waya wa pansi. Kuno ku Copperbelt mvula imabwera ndi ziphaliwali, ndipo siteshoni ya wailesi ili ndi mlongoti wautali umene umaziitana. Tinakhomera ndodo yokutidwa ndi kopa m'nthaka pafupi ndi khoma, pamalo a chinyezi, n'kulumikiza bokosilo, mikisa ndi zida zina ku waya umodzi wokhuthala wopita ku ndodoyo. Bashikulu anati zida zonse zikhale pa waya wa pansi umodzi, chifukwa zikasiyana, m'masipika mumamveka kaphokoso kong'ung'udza kosatha. Pokhomera ndodoyo anandikumbutsa kuti kopa ndi wathu, ndipo ku Luanshya kuli ZAMEFA imene imapanga mawaya a kopa, koma nyumba zambiri m'makomboni mwathu zilibe waya wa pansi wabwino.

Chachinayi chinali kukaphunzitsa kudzuka kokha. Kompyuta ikamayaka, musanalowe mu pulogalamu iliyonse, muli malo otchedwa BIOS. M'menemo tinasankha kuti magetsi akabwerera kaziyaka popanda munthu kudina batani. Tinayatsanso chimene amachitcha watchdog, kamlonda ka mkati kamene kamadikira chizindikiro kuchokera ku pulogalamu pakapita masekondi angapo. Chizindikirocho chikasiya kubwera, kamlondako kamadziwa kuti zinthu zauma, n'kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Makompyuta a mu ofesi ambiri alibe zimenezi chifukwa mu ofesi mumakhala munthu. Ife usiku wa 2 koloko mulibe aliyense.

Tinaikamo Linux ndi Rivendell, pulogalamu yaulere yoyendetsera wailesi, n'kukonza kuti ikayaka izipitiriza ndandanda pamene nthawi yafika. Mawu amatuluka kudzera mu kachida ka USB kupita ku mikisa. Wotchi yake imadzikonza yokha pa intaneti, kuti nkhani ziziyamba pa ola lenileni. Tinaikanso lamulo limene oimba achinyamata sanalikonde poyamba, loti flash disk ya munthu aliyense siilowa mu kabokosiko. Nyimbo zimayamba zalowa mu kompyuta ina, timaziona, kenaka timazitumiza pa waya wa netiweki. Womaliza unali mayeso. Bashikulu anachotsa fyuzi kakhumi motsatizana, nyimbo ili pakati, ine mtima uli m'mwamba. Kakhumi konse mawu anabwerera mphindi ziwiri zisanakwane.

Ndisakunamizeni kuti kabokosi kamodzi kanathetsa mavuto onse a siteshoni. Chida chimene chimatumiza mawu ku mlongoti chimadya magetsi ambiri kuposa kompyuta, ndipo icho chimadalirabe mabatire ena, masola ochepa ndi jenereta pamene ndalama ya mafuta ilipo. Masiku ena timatsitsa mphamvu yake, ndiye omvera akutali amatisowa. Chimene chinasintha n'choti magetsi akangopezeka, kaya a mtundu wanji, mawu amakhala okonzeka, ndipo palibe amene amathamanga mumdima kudzadina batani.

Phindu lake ndinaliona bwino mu February 2025. Pa 18 mwezi umenewo damu losungira zotsalira za asidi pa mgodi wina ku Chambishi linagumuka, ndipo asidiyo anatsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipope ku Kitwe anatsekedwa kwa masiku angapo. Anthu ankafuna kudziwa zoyenera kuchita, makamaka amene amatunga kumtsinje ndi amene amagula nsomba pa msika. Tinajambula mauthenga ochenjeza mu Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi, oletsa kumwa madzi a mumtsinje ndi kudya nsomba zotoledwa zakufa, n'kuwaika mu ndandanda kuti azimveka theka la ola lililonse, usiku womwe. Mabatire anatha kawiri sabata imeneyo, ndipo kawiri konse mauthengawo anabwerera okha. Mayi wina wa ku Ndeke anaimba pa pulogalamu yanga Loweruka lotsatira kunena kuti anaumva uthengawo mbandakucha, akukonzekera kupita kukaoda nsomba.

Manje ndilankhule ndi inu anzanga achinyamata a ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka. Ambiri tikamva za makompyuta timaganiza za laputopu yowala, kapena kukhala pa Facebook ndi TikTok. Koma makompyuta ambiri amene amayendetsa tauni sitiwaona. Ali mkati mwa makina otulutsa ndalama pa banki, pa masikelo oyezera mathiraki, m'mapulanti a madzi ndi m'mafakitale. Onsewa amafuna munthu wodziwa kuwerenga pepala la chida, kuyeza mavolti, kumanga waya wa pansi ndi kulemba zimene wachita. Maphunziro ake alipo pa NORTEC ku Ndola, pa Copperbelt University ku Riverside, ndi m'makoleji ena olembetsedwa ku TEVETA. Ine ndili ndi satifiketi chabe, ndipo zambiri ndaziphunzira nditagwirizira tochi bashikulu akumanga sikuluwu. Madoda ngati iwo, amene anapuma ku migodi, ali m'makomboni mwathu maningi, ndipo nzeru zawo zikupita nawo kumanda chifukwa sitiwafunsa.

Pa chifukwa chimenechi tinagula kabuku ka sukulu ka masamba 96, n'kukamangirira ndi chingwe pafupi ndi kabokosiko. M'menemo muli chithunzi chojambula pamanja cha waya uliwonse, kukula kwa fyuzi, zimene tinasankha mu BIOS, ndi zoyenera kuchita mawu akasowa. Waya uliwonse uli ndi kapepala ka dzina lake. Atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi amene amathandiza pa mapulogalamu a achinyamata aphunzira kale kuyeza batire ndi kubwezeretsa ndandanda, moti sabata ina nditapita ku maliro ku Petauke, foni yanga siinalire. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timasesa mizere ya kabokosiko ndi burashi ya penti, timalimbitsa timasikuluwu, n'kulemba tsiku mu kabuku. Ngati pa siteshoni, pa kiliniki kapena pa sukulu ya kwanu makompyuta akufa ndi fumbi, yambani mwafunsa amene anagwirapo nchito mu mgodi musanagule ina yofanana ndi yakufayo.