Ku Bandung, Kuseri kwa Nyumba Yophikira

Sitima yothamanga yocokera ku Jakarta, likulu la dziko la Indonesia, inatitula pafupi ndi mzinda wa Bandung lisanathe ola limodzi. Munali mu Novembala 2025, mvula itangoyamba monga m'mene iyambira kwathu kuno. Bandung uli m'cigwa cozunguliridwa ndi mapiri pa cisumbu ca Java, ndipo mphepo yake ndi yozizira bwino. Akuluakulu ena adzakumbukira dzina limeneli cifukwa ca msonkhano wa maiko 29 a mu Asia ndi Africa umene unacitikira kumeneko mu Epulo 1955. Nyumba ya msonkhanowo, Gedung Merdeka, ikalipo, ndipo pambali pake pakuyenda mtsinje wa Cikapundung.

Maina a malo kumeneko anatipatsa cimwemwe, pakuti timawawerenga mosavuta: Cimahi, Cipongkor, Citarum. “Ci” wao amveka monga wathu wa mu “cimanga”, koma m'cinenero ca anthu a kumeneko, Asunda, atanthauza madzi. Dziko lonselo linachulidwa maina a madzi, ndipo madzi omwewo ndiwo anatiitana.

Pa 6 Januwale 2025 boma la Pulezidenti Prabowo Subianto linayamba nchito yopatsa cakudya caulere kwa ana a sukulu, ana ang'onoang'ono, ndi amai apakati ndi oyamwitsa. Nchitoyo anaicha Makan Bergizi Gratis, ndipo colinga cinali cakuti ifike kwa anthu pafupifupi 83 miliyoni. Cakudyaco saphikira pa sukulu ai, koma m'makhichini akuluakulu, iliyonse yokonza mbale zikwi zingapo pa tsiku, kawirikawiri pafupifupi 3,000.

Tinafika pa imodzi mwa makhichiniwo tambala woyamba asanalire. Tinapeza amai ndi anyamata atavala zophimba kumutu ndi kukamwa, ena akutsuka ndiwo zamasamba, ena akupakula mpunga. Mbale zao ndi zacitsulo, zogawidwa zipinda: muno mpunga, umo dzira kapena nkhuku, umo ndiwo, umo cipatso, umo tempe, cakudya cao ca soya. Kutaca, magalimoto ananyamula mbalezo kunka nazo ku masukulu. Mlendo aliyense amafuna kuona zimenezi. Ife tinapempha kutsala kufikira masana kuti tione mbale zikamabwerera.

Akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Masana mbale zija zinabwera zili ndi makombo. Tiyerekeze kuti mwana aliyense wasiya magalamu 50 okha, ndiko kuti masupuni owerengeka. Pa mbale 3,000 amenewo ndi makilogalamu 150 pa tsiku limodzi, osawerengera makoko a zipatso ndi mapesi a ndiwo. Kenaka mbale iliyonse ifunika kutsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo madziwo atuluka oyera mbuu ndi mafuta. Kodi zonsezi zipita kuti?

Anthu a ku Bandung salifunsa funsoli mwamasewera. Usiku wa pa 21 Febuluwale 2005, mvula itagwa kwambiri, phiri la zinyalala pa dzala lalikulu la Leuwigajah, pafupi ndi Cimahi, linagumuka ndi kukwirira nyumba, anthu ali mtulo. Anthu oposa 140 anafa. Kufikira lero dziko lonse likumbukira tsikulo caka ndi caka monga tsiku losamala za zinyalala. Mu Ogasiti 2023 dzala lina, la Sarimukti, linagwira moto umene unayaka masabata angapo, ndipo zinyalala zinaunjikana m'miseu ya mzinda. Cakudya coola ndico cimatulutsa mpweya woyaka m'madzala otere. Boma lenilenilo linalengeza mu 2021 kuti pakati pa 2000 ndi 2019 dzikolo linali kutaya matani a cakudya 23 mpaka 48 miliyoni caka ciliconse.

Nako kumadzi nkhani ndi yomweyo. Ngalande za Bandung zithira m'timitsinje, timitsinje tithira mu Citarum, mtsinje umene unachuka pa dziko lonse lapansi cifukwa ca litsiro, kotero kuti mu 2018 boma linayamba nchito yaikulu youyeretsa. Citarum yemweyo adzaza madamu atatu, Saguling, Cirata ndi Jatiluhur, ndipo lotsirizali ndilo lipatsa Jakarta madzi ambiri akumwa ndi kuthirira minda ya mpunga. Madzi otsukira mbale amene atayidwa mosasamala abwerera kwa mwana ndi mpunga womwewo.

Tsono kuseri kwa khichini ija anationetsa zimene malamulo afuna. Zinyalala azipatula: zoola paokha, mapulasitiki ndi mapepala paokha, m'migolo yotseka. Makombo a m'mbale amawaika pa sikelo ndi kulemba m'buku. Mai wina woyang'anira za kadyedwe anatifotokozera kuti bukulo ndilo limuuza ndiwo zimene ana azikana, kuti asinthe kaphikidwe m'malo mophika zokataya. Madzi otsukira sapita molunjika ku ngalande. Ayamba alowa m'kabokosi ka zipinda kumene mafuta ayandama ndi kuyengulidwa, zotsalira zolemera zikhala pansi; kenaka apita m'mathanki mmene tizilombo tosaoneka timadya litsiro lotsala. Mafuta akangolowa m'mipope amaundana ndi kutseka njira, ndipo madzi akaima, nchenche, makoswe ndi udzudzu zapeza mudzi.

Nanga zoola zija? Anatitengera ku kanyumba kena m'komboni, kumene tinabwerera m'mbuyo titaona mabokosi odzaza mphutsi. Eni ake anaseka. Mphutsizo ndi za mtundu wina wa nchenche yakuda imene siluma ndipo silowerera m'zakudya za anthu. Pa masabata awiri zimadya makombo mofulumira ndi kunenepa, kenaka azipatsa nkhuku ndi milamba ya m'madamu, ndipo zotsalira zake zikhala manyowa a m'dimba. Tinyumba totere tili m'makomboni ambiri a mzindawo. Mpunga umene mwana anausiya ubwerera kwa iye ngati dzira.

Sitinganene kuti zonse zinayenda bwino. Mu Sepitembala 2025 ana oposa 1,000 a ku Cipongkor, kumadzulo kwa Bandung, anadwala atadya cakudya ca nchito yomweyi, ndipo madera enanso anaona zotere. Cimodzi mwa zifukwa zimene zinachulidwa cinali kuphika msanga kwambiri, cakudya nkukhala maola ambiri cisanadyedwe. Pambuyo pake boma linalamula kuti khichini iliyonse ikhale ndi cikalata ca ukhondo cocokera kwa a zaumoyo. Makolo ena amene tinaceza nao anali akali ndi nkhawa. Anali kuyamikira cakudyaco, koma anafuna kudziwa ngati lamulo lolembedwa pa khoma likutsatidwa ngakhale tsiku limene kulibe mlendo.

Pobwerera tinaima pa mlatho wa Cikapundung, madzi ake ali ofiirira ndi mvula, ndipo mitima yathu inathamangira kwathu. Ifenso tili ndi masukulu amene amai adzipereka kuphikira ana phala m'mamawa. Ifenso tikumbukira kolera wa 2023 ndi 2024, amene anapha anthu oposa 700 m'Zambia, anacedwetsa kutsegulira masukulu, nasandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka kukhala cipatala. Mathanki a ku Bandung mwina sitingawakwanitse, koma dzenje la miyala ndi mcenga lomwetsa madzi otsukira, lotalikirana ndi citsime, dzenje la manyowa, ndi mgolo wokhala ndi cotsekera sizifuna cuma cambiri.

Comweco, inu makolo anzathu, tsiku lina mukapita kukaona m'mene ana akudyera pa sukulu, mukayamikire ophika, ndipo mukatero mukapemphe kuti akuonetseni kumene amathira madzi otsukira miphika.