Matabuleti a ku Biwi ndi ana athu a Fomu 1

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi nkhani ya mayi wina wa ku England amene ambiri sitimutchula, koma ntchito yake ikukhudza ana amene tidzawalandire ku Fomu 1 zaka zikubwerazi. Ndi Pulofesa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham, katswiri wa za maganizo ndi kaphunziridwe ka ana.

M'chaka cha 2013 mayiwa anachita kafukufuku pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, ndi ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3. Bungwe la onebillion linali litapanga pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa yoika pa tabuleti, ndipo funso linali loti: kodi imathandizadi, kapena ndi chidole chabe? Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015 mu Frontiers in Psychology.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi momwe anawagawira anawo. Magulu anali atatu, osankhidwa mwa maere. Loyamba linkaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa milungu 8. Lina linapitiriza ndi aphunzitsi ndi choko monga mwa nthawi zonse. Ndiye panali lachitatu, lomwe linapatsidwanso matabuleti koma opanda pulogalamu ya masamu ija. Apa ndiye pali nzeru. Tonse tikudziwa kuti mwana ukam'patsa chinthu chowala chogwiragwira, sajomba, amabwera mamawa, amachangamuka. Popanda gulu lachitatuli sitikanadziwa ngati anawo anakhoza chifukwa cha zimene zinali m'tabuletimo kapena chifukwa cha chimwemwe chogwira tabuleti. Alendo angati amene afika m'sukulu zathu ndi makompyuta, kujambula zithunzi, n'kupita osafunsa funso limeneli?

Ana a pulogalamu ya masamu, makamaka a Sitandade 2 ndi 3, anapambana anzawo. Ndipo atawayesa ndi pepala ndi pensulo, kwa ana a Sitandade 3 zimene anaphunzira zinaonekanso pamenepo. Kwa ine ichi n'chachikulu, chifukwa mayeso a MANEB mwana amalemba ndi cholembera. Kenako pulogalamu yomweyo, itaikidwa m'Chingelezi, anakaiyesa kwa ana a ku Nottingham ndipo inathandizanso. (Sizichitikachitika kuti chinthu chiyambe kuyesedwa ku Biwi kenako n'kupita ku England!) Mu 2019 a Pitchford ndi anzawo analembanso kuti m'kalasi wamba atsikana amayamba kutsalira anyamata pa masamu akadali ku Sitandade 1, koma pogwiritsa ntchito pulogalamuyi kusiyanako sikunaoneke. Amene timaphunzitsa masamu ku sekondale tikuwadziwa atsikana aja amene amafika atagamula kale kuti “masamu si anga”. Chigamulo chimenecho chimayamba kalekale, ali ndi zaka 6 kapena 7.

Tsono ena mu stafu rumu amati makinawa abwera kudzatilanda ntchito. Ine sindikuona choncho, ndipo kafukufukuyu sananene choncho. Taonani kachitidwe kake: ana amatuluka m'kalasi kagulu kochepa, amakhala pansi ndi mahedifoni, aliyense akuyenda pa liwiro lake, akalakwa pulogalamu imamuuza pompo, mphunzitsi ali pomwepo. Theka la ola likatha amabwerera m'kalasi. Kuphatikiza kumeneku, makina pang'ono, mphunzitsi nthawi yotsalayo, ndiko azungu amati blended learning. Tabuleti ikuchita chinthu chimodzi chimene mphunzitsi wa ana 100 sangathe ngakhale atakhala wakhama bwanji: kuuza mwana aliyense payekha kuti apa waphonya. Koma siidziwa kuti mwana uyu sanadye, kapena kuti uyo wasiya kubwera chifukwa amayi ake akudwala.

Nkhawa yanga ili pena. Milungu 8 pa sukulu imodzi ya m'tauni, ofufuza ali pafupi ndipo zonse zikuyenda, si chimodzimodzi ndi zaka zisanu pa sukulu ya kumudzi komwe sola yafa ndipo wokonza ali ku boma. Mu 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT yofuna kufikitsa matabuletiwa m'sukulu za pulayimale za boma m'dziko lonse, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Ndikufuna ndione kuti ana omwewo akadzafika kwa ife, kodi kuchulukitsa ndi kugawa kudzakhala kudakali m'mutu?

Pamenepa ife a ku sekondale tili ndi gawo. Chaka chino ndayamba kupereka kamayeso ka mafunso 20 kwa Fomu 1 sabata yoyamba, ndi funso limodzi pamwamba: kodi ku pulayimale kwanu kunali matabuleti? Mapepalawo ndikusunga m'katoni. Si kafukufuku wa ku yunivesite ayi, magulu anga sanasankhidwe mwa maere, komabe pakatha zaka zinayi kapena zisanu ndidzakhala ndi choonetsa. Amene muli m'ma CDSS ena, ndipempheni mafunsowo ndikutumizireni kuti tiziyesa ofanana.