MPHUNZITSI WA KU KAMBOMBO AFUNAFUNA NDEGE YA AGOGO AKE

Mwezi wa January ku Kambombo, m'boma la Chama, ndi mwezi wa matope. Mitsinje yotsikira ku Luangwa imadzaza, madambo a mpunga amasefukira, ndipo munthu wopanda cifukwa ceniceni sayenda ulendo wautali. Pa nyengo yotereyi mphunzitsi wina wopuma pa nchito, amene anaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zoposa makumi atatu m'masukulu a ku Chama ndi ku Lundazi, amatenga kope latsopano nalemba pa tsamba loyamba zimene afuna kufufuza m'caka cimeneco. Mwambo umenewu sali nao yekha. Ali ndi anzake atatu, wina ku Mbala, wina ku Kasama, wina mnyamata wokonza magalimoto ku Lusaka, ndipo onse anai anagwidwa ndi nthenda imodzi, ya kukonda mbiri ya ndege zoyamba za nkhondo. Caka cikamayamba amatumizirana zolinga zao, ndipo pofika December amafunsana kuti aliyense wakwanitsa zingati.

Anansi ake amamuseka, koma mwaulemu. "Aphunzitsi, kodi ndege za Azungu akufa kale zidzakupatsani ciani?" amatero pomupeza ali weramu pa mapu. Iye sawayankha zambiri, pakuti nkhaniyo inayambira pa khonde la agogo ake amuna, ndipo si yofotokoza munthu ali ciimire.

Agogo akewo anali mmodzi wa amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. M'masiku amenewo dziko lino linali m'manja mwa British South Africa Company, ndipo mafumu analamulidwa kupereka amuna onyamula katundu wa asilikali omenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto. Nkhalambayo inali kusimba za njala, za mapazi otupa ndi za anzao amene anawasiya m'njira, koma nkhani imene ana anali kuikonda inali ya mbalame ya nsalu ndi matabwa. Inati inaiona ndi maso ake ikutera pa bwalo limene iwo omwe analambula, atagwetsa mitengo ndi kugumula zulu. Inati kunali kozizira, nyanja inali pafupi, ndipo mbalameyo inamwa mafuta a m'zitini. Dzina la malo kapena caka sinachule. Inamwalira mdzukulu wake asanamalize sukulu ya pulaimale, pa msinkhu umene mwana amamvetsera nthano koma osafunsa kuti zinacitikira kuti. Funso limenelo ndilo lakhala pa tsamba loyamba la kope lililonse kwa zaka zisanu ndi cimodzi tsopano.

Caka coyamba anayambira kutali kwambiri, ku mtsinje wa Rufiji m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko sitima ya nkhondo ya Ajeremani yochedwa Königsberg inabisala m'mathiriro a mtsinjewo, ndipo mu November 1914 woyendetsa ndege wina, Dennis Cutler, anaiona ali m'kandege kotera pamadzi ka mtundu wa Curtiss. Pa 11 July 1915 sitima ziwiri za Angelezi, Severn ndi Mersey, zinaiphwanya, ndege zili m'mwamba kuziuza kumene zipolopolo zinali kugwera. Nkhaniyo inamukoma mphunzitsiyo, koma anaiika pambali msanga, cifukwa ku Rufiji n'kotentha ndipo Msenga wa ku Kambombo analibe njira yofikira kumeneko m'caka cimeneco.

Caka caciwiri anatembenukira ku nyanja ya Tanganyika, ndipo mtima wake unagunda. Mu June 1916 Abelijiyamu anaponya mabomba pa Kigoma ndi ndege zotera pamadzi za mtundu wa Short, zimene anapatsidwa ndi Angelezi, pofuna kuononga sitima ya Graf von Götzen. Ajeremani anaimiza okha sitimayo mu July caka comweco, koma Angelezi anadzaivuula naipatsa dzina lakuti Liemba, ndipo kuyambira mu 1927 inayenda zaka zambiri kufika mpaka pa Mpulungu. Nyanja inalipo, ndege zinalipo. Koma ndege zimenezo zinali kutera pamadzi, pamene agogo ananena za bwalo logumulidwa zulu. Zaka ziwiri zotsatira zinathera pa gulu la ndege la 26 Squadron la Royal Flying Corps, la anthu ocokera ku South Africa, limene linafika ku Mombasa kuciyambi kwa 1916 ndi ndege za BE2 ndi Farman. Anaphunzira zambiri za mmene dzuwa linali kupotoza matabwa a ndegezo ndi mmene malungo anali kugwetsera oziyendetsa, koma bwalo la agogo sanalipeze.

Apa m'pamene mnzake wa ku Mbala anamulembera mau amene anasintha zonse. Anamufunsa kuti, kodi nkhalambayo inanena kuti mbalameyo inaiona nkhondo ili m'kati, kapena anawo ndiwo analumikiza nkhani ziwirizo? Mu 1919, nkhondo itatha, asilikali a Royal Air Force anatumidwa kukonza mabwalo a ndege kucokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, ndipo gawo la kumwera linali m'manja mwa Major Court Treatt. M'dziko lino mabwalo anakonzedwa ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, ku Ndola, ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndi ku Livingstone. Analambula ndi makasu ndi nkhwangwa anthu akuda mazanamazana, kwa miyezi yambiri. Pa 4 February 1920 Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, onse awiri asilikali a m'ndege a ku South Africa, ananyamuka ku Brooklands m'dziko la England pa ndege ya mabomba ya mtundu wa Vickers Vimy yochedwa Silver Queen. Inagwa kum'mwera kwa Cairo, mainjini ake awiri anaikidwa pa ndege ina yofanana nayo, ndipo Silver Queen II imeneyo inatera pa Abercorn kumapeto kwa February. Inapitirira mpaka ku Livingstone, nigwa ponyamuka pa Bulawayo pa 6 March, ndipo amuna awiriwo anafika ku Cape Town pa 20 March ali pa ndege yacitatu yochedwa Voortrekker.

Mbala ndi dziko lokwera ndi lozizira, ndipo kanyanja ka Chila kali m'mphepete mwa tauniyo. Mwamuna amene ananyamula katundu wa nkhondo mpaka kumalire akanatha kutsalira komweko n'kugwira nchito ya bwalo kuti apeze ndalama ya msonkho. Zonse zikugwirizana, ndipo mphunzitsi wacangu akanalemba kale kuti nkhani yatha. Uyu wa ku Kambombo sanatero. Pa kope la caka cino walemba kuti, coyamba, aone ndi maso malo a bwalo loyamba la Abercorn. Caciwiri, apeze m'mabuku akale a boma la Lundazi, limene Chama inali mbali yake, ngati amuna a kwa Kambombo anatumizidwa kumeneko mu 1919. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zinthu zotere kudekha kwake n'koyenera, pakuti nkhani yokoma yopanda umboni ikalowa m'kalasi situlukamo.

Zolinga za anzake n'zosiyana ndi zake monga mmene anthuwo asiyanirana. Wa ku Kasama, amene anali kalaliki wa za njanji, mtima wake uli pa cibaluni ca Ajeremani ca mtundu wa Zeppelin cochedwa L 59, ndipo caka ciliconse amalonjeza kulemba kabuku ka Cibemba konena za ico. Cinanyamuka ku Yambol m'dziko la Bulgaria pa 21 November 1917, motsogozedwa ndi Ludwig Bockholt, citasenza matani 15 a zida ndi mankhwala opita kwa General von Lettow-Vorbeck. Cili kumadzulo kwa Khartoum cinalandira uthenga wakuti cibwerere, ndipo cinatera kwao pa 25 November citauluka maola 95 ndi makilomita pafupifupi 6,800 osaima. Tsiku lomwelo Lettow-Vorbeck anali kuoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique. Kalalikiyo amakonda kukumbutsa anzake kuti patapita caka cathunthu, pa 25 November 1918, mkulu wa asilikali yemweyo anatula zida pa Abercorn, atalowa m'Kasama ndi kumva pa mtsinje wa Chambeshi kuti nkhondo inali itatha kale ku Ulaya. Kabukuko sikanatulukebe, koma masiku amenewa amawachula ngati masiku obadwa a ana ake.

Mnyamata wa ku Lusaka alibe nazo nchito zolembalemba. Iye akupanga Vickers Vimy ya mawaya ndi malata, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, mwa luso lomwe lija ana amapangira nalo magalimoto a mawaya, ndipo caka catha anaima pa mapiko. Ndiye amene amatumidwa ku National Archives, popeza ali pafupi. Koma mphunzitsiyo amadandaula kuti mnyamatayo akapeza tsamba lonena za injini amaiwala zonse zimene anamutuma.

Colinga cacitatu ca pa kope la ku Kambombo ndico cautsa mkangano. Mphunzitsiyo walemba kuti afuna kuyenda m'midzi ya Kambombo, Tembwe ndi Chikwa kulemba maina a amuna onse amene mabanja ao akumbukira kuti anapita ku utengatenga, obwera ndi osabwera omwe. Wa ku Mbala anayankha kuti zimenezo si za ndege ai, ndipo pangano lao linali la ndege. Yankho la mphunzitsiyo linali lalitali kuposa makalata ake onse. Anati palibe ndege ya m'masiku amenewo imene inauluka m'maiko ano popanda mitu ya anthu. Mafuta anali kubwera m'zitini za magaloni anai, ziwiriziwiri m'bokosi la matabwa, ndipo kumene njanji ndi galimoto zinathera bokosilo linali kukwera pamutu. Mtengatenga anali kusenza makilogalamu oposa 20, ndipo pa ulendo wautali panafunika ena onyamula ufa wodyetsa onyamulawo. Anamukumbutsanso kuti m'tauni yake yomweyo ya Mbala muli mwala wa cikumbutso wa amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa pa nkhondoyo, ndipo anthu ambiri amaupitirira osaima. Maina a oyendetsa ndege, mitundu ya mainjini ndi masiku onyamukira zili m'mabuku ambirimbiri ku London ndi ku Pretoria, ndipo sizidzatayika ngakhale anai onsewo atamwalira mawa. Maina a Asenga amene anagumula zulu ali m'mitu ya adzukulu okha, ndipo adzukuluwo ndi nkhalamba tsopano.

Pa mfundo imeneyi mphunzitsiyo ali ndi cilungamo, ngakhale kuti mnzakeyo sanalakwe ponena kuti nchitoyo idzameza caka conse. Mwezi wa October wathawu anapita kwa mkulu wina wa kufupi ndi Luangwa amene anthu anati amadziwa maina a amtengatenga asanu a m'mudzi mwao, napeza maliro ake atatha sabata ziwiri. Maso a mphunzitsiyo naonso ayamba kucita nkhungu, kotero kuti zolemba zazing'ono amawerengeredwa ndi mdzukulu wake wamkazi akaweruka ku sukulu.

Pali nkhani ya ndalama. Penshoni imathera pa feteleza ndi pa sukulu ya adzukulu, ndipo maulendo onse a kafukufuku amalipidwa ndi mpunga. Akazi ake, amene amasunga kiyi wa nkhokwe, ananena poyera kuti, "Bambo, caka cino matumba atatu, osapitirira. Ndege zanuzo sizidya nsima, koma ana awa amadya." Matumba atatu angathe kumufikitsa ku Lusaka kudzera ku Lundazi ndi ku Chipata, kapena ku Mbala pooloka Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga mpaka pa Matumbo, koma osati konse kuwiri. Ku Lusaka kuli mapepala amene angathetse funsolo. Ku Mbala kuli nthaka imene agogo ake mwina anaiponda, ndi nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto. Wasankha Mbala, m'mwezi wa August, ndipo za ku Lusaka wazisiyanso m'manja mwa mnyamata uja, atamulembera mafunso asanu m'zilembo zazikulu ndi kumuletsa kuyang'ana tsamba lililonse lokhala ndi cithunzi ca injini.

Za m'midzi zidzayamba mvula ikatha. Woyamba pa mndandanda ndi mai wina wokalamba wa kwa Tembwe, amene anatumiza mau kuti m'nyumba mwake muli citini cakale ca makona anai cimene atate ake anabwera naco kucokera kumpoto, ndipo banja lakhala likusungiramo mbeu ya mpunga kuyambira nthawi imeneyo. Mphunzitsiyo anapempha kuti amubwereke acione. Maiyo anayankha m'Cisenga kuti citinico sicicoka pakhomo, ndipo ngati Aphunzitsi afuna kuwerenga zolembedwa pansi pake abwere okha mu June, adzakhuthule mbeuyo m'licero ndi manja ao, ndipo akamaliza adzaibwezeremo.