Zotsala nazo zili ndi eni ake

Achinyamata anzathu, masamu ogawa amene tinaphunzira ku pulayimale sathera pa bolodi. Pa gombe la Makawa kapena la Msaka, boti likafika m'mawa, masamuwa ndiwo amagamula chimene banja lililonse lidye.

Tinene kuti alovi 8 apha ndowa 58 za usipa, ndipo pangano n'lakuti mwini chilimira atenge theka. Aloviwo atsala ndi ndowa 29. Tikagawa 29 kwa anthu 8, aliyense alandira 3, n'kutsala 5. Timatsimikiza motere: 8 × 3 + 5 = 29.

Lamulo lake ndi ili: zotsala ziyenera kuchepera chiwerengero cha ogawana. Wina akati aliyense atenge 2, zitsale 13, kugawako sikunathe. Alipo amene akufuna kuba.

Nanga ndowa 5 zija? Nazonso zimagawika. Mlovi aliyense ali ndi 5/8 ya ndowa, kuposa theka. Mikangano imabadwira pamenepa, wamkulu akazitenga mwakachetechete ngati kuti zilibe eni.

Sabata ino tiyeni aliyense aphunzitse mng'ono wake mmodzi kuwerengera yekha gawo lake. Wosadziwa kugawa amadyeredwa masuku pamutu, ngakhale atachezera usiku wonse panyanja.