Simbaradzo: chimbale chimene chidatulutsa Chichewa m'komboni

Mwana wobadwira m'komboni ya pa famu ku Mashonaland ankakula ndi malilime awiri. Chichewa chidali cha pakhomo, cha agogo ndiponso cha ku bwalo la gule wamkulu. Akafika ku sukulu kapena ku msika ankachipinda ngati mphasa n'kuyamba Chishona, poopa kutchedwa "mubhurandaya", dzina lonyoza lochokera ku mawu akuti Blantyre, mzinda umene ana ambiri otere adali asadauonepo. Makolo awo adabwera kuchokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia kudzalima fodya ndi chimanga m'minda ya azungu, ndipo ambiri adatchona.

M'moyo wotere ndi mmene mudakulira Alick Macheso, amene adabadwa m'chaka cha 1968 ku Shamva, bambo ake ali ochokera ku Malawi. Sukulu sadapite nayo patali. Akadali mnyamata adalowera ku Harare, kumene pambuyo pake adalowa gulu la Khiama Boys lotsogoleredwa ndi Nicholas Zakaria, mwana wa ku Mazowe amenenso makolo ake adali a ku Malawi. Kwa zaka zoposa khumi Macheso adali kumbuyo, akuliza gitala la besi. Atachoka m'gululo adakhazikitsa lake, Orchestra Mberikwazvo, n'kutulutsa chimbale cha Magariro mu 1998 ndi cha Vakiridzo mu 1999.

Chachitatu, Simbaradzo, chidatuluka mu 2000, ndipo ndi chimene chidamukweza. Nyimbo zake zinkamveka pa wailesi ya ZBC, m'minibasi, m'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono ndi m'maukwati. Chamba chake chidali sungura, koma besi, imene kwa oimba ena imangoperekeza, kwa Macheso idakhala ngati ikulankhula yokha. Mwa nyimbo zimene zidatchuka kwambiri mudali "Mundikumbuke", ya m'Chichewa. Anthu a ku Harare ndi Masvingo, amene sadapondepo m'komboni, ankaiimba mawu ndi mawu ngakhale ena sankamva tanthauzo lake.

Chaka chomwecho ndi chimene kulanda mafamu kudayamba. Nkhani ya kagawidwe ka malo idali ndi mbiri yake yaitali, koma njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Ogwira ntchito m'mafamu ambiri adataya ntchito, nyumba, sukulu ya ana ndi kachipatala pa nthawi imodzi. Mshona akadatha kubwerera kumudzi kwa makolo ake. Mwana wa mtchona adalibe mudzi wobwererako, ndipo ochepa okha mwa anthuwa ndiwo adapatsidwa minda. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo, koma makolo awo ali akunja, adapezeka akuwerengedwa ngati alendo, opanda ufulu wovota.

Choncho chilankhulo chimene eni ake ankachibisa chidamveka dziko lonse m'chaka chimene eni akewo ankauzidwa kuti si kwawo. Mayi womanga katundu pa famu ya ku Bindura, osadziwa kolowera, ankamva pa wailesi mwana wa m'komboni ngati yake akuimba m'lilime la amayi ake, dziko lonse likuvina. Chimbalecho sichidabweze nyumba ya munthu, ndipo sichidalembetse mwana aliyense m'kaundula. Chimene chidachita n'kuchotsa manyazi. Mnyamata amene ankayankha agogo ake m'Chishona pamaso pa anzake adaona kuti Chichewa n'chotheka kuchiimba mokweza.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye akukhala m'dzikomo, ndi nzika. Komabe lamulo la pa pepala silifika lokha m'komboni. Alipo okalamba amene sadakhalepo ndi chiphaso, ndi adzukulu amene alephera kulemba mayeso chifukwa chosowa kalata ya kubadwa. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wopita kwa anthuwa angatengepo phunziro pa Macheso. Gogo amene amangoti duu pa msonkhano wa m'Chishona kapena m'Chingerezi, akapatsidwa moni wa "Mwaswera bwanji, agogo?" amayamba kufotokoza: famu imene adagwirako, chaka chimene adafika, ndi mwana amene sadalembedwe. Kulembetsa kumayambira pamenepo.