Potsika Phiri, Giya Wani

Anthu ambiri kuno kwa Kuntaja amaopa msewu wadothi m'nyengo ya dzinja. Mu Januwale ndi Febuluwale palibe wofunika kumuuza. Matope amaoneka ndi maso, mitsinje imamveka kukokoma uli patali, ndipo dalaivala aliyense amanyamuka atamanga mtima. Koma ife, amene kwa zaka zingapo takhala tikuyendetsa pikapu yakale m'midzi ya m'mphepete mwa phiri la Michiru, tili ndi miyezi ina imene timaiopa koposa. Ndi Juni ndi Julayi, miyezi yachisanu, pamene aliyense akuti misewu yauma.

Chifukwa chake ndi chiperoni. Iyi ndi mphepo yachinyontho yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikafika pa mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamatha masiku angapo osaleka. Kuno ku Chileka, kumene bwalo la ndege lili pa mamita osakwana 800 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, nthawi zambiri timangoona mtambo utavala nsonga ya Michiru ngati chipewa, ife pansi pano tili padzuwa ndi pafumbi. Nsongayo ili pa mamita pafupifupi 1,470, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Choncho mukhoza kunyamuka pakhomo mutavala malaya okha, n'kukapezeka mukunjenjemera musanayende ndi ola lomwe.

Kamvulako sikanyowetsa dothi mpaka pansi. Kamangonyowetsa fumbi limene lakhala likuunjikana pamwamba kuyambira mu Epulo. Pansi pake katondo amakhala ali gwa ngati simenti, pamwamba pake pali kathope kopyapyala koterera ngati therere. Tayala lilibe pogwira. M'matope a dzinja galimoto imatitimira n'kuima, mumatsika, mumakumba, mumachedwa basi. Pa kathope ka chiperoni galimoto siima. Imangoseseleka, ndipo ngati muli pamtsetse imalowera kumene phiri lapendekera.

Wina akhoza kunena kuti bwanji osangodikira kuti kuche. Koma iyi ndi nyengo yotuta chimanga m'minda ya m'mapiri, nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, ndipo matenda ndi maliro sayang'ana kumwamba. Misewu yake nayonso si ija tinaidziwa kale. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya zigwembe m'misewu yambiri ya m'midzi ya boma la Blantyre, ndipo poti mitengo ya m'phiri yatha ndi makala, madzi amvula amangotsata msewu ngati ngalande. Zomwezi amazidziwa amene amayenda msewu wochoka pa Lirangwe kulowera ku Chingale, umene anthu akhala akuudikirira phula kwa zaka zambiri, ndiponso aliyense amene anakwerapo zitunda za ku Neno popita ku Matandani.

Pokwera, lamulo lathu ndi loima m'munsi mwa chitunda tisanachiyambe. Pamenepo timakhoma mahabu a matayala akutsogolo, poti galimoto yathu ndi ija yofuna kutsika n'kupotokola ndi dzanja, kenaka timakankhira kandodo kakang'ono ka giya pa 4L. Timachotsako pang'ono mpweya m'matayala kuti agwire dothi lambiri. Ngati sitikuona pamene chitunda chathera, mmodzi wa ife amayenda pansi kukaona. Giya timasankhiratu, kawirikawiri yachiwiri, chifukwa kusintha giya pakati pa chitunda choterera ndi pamene galimoto imataya mphamvu n'kuyamba kubwerera. Ikakanika, sitiitembenuza. Galimoto yopingasa pachitunda ndi imene imagubuduka. Timaponda buleki, kulowetsa livesi, n'kutsika chafutambuyo mowongoka mpaka pamene tinayambira, injini ikuigwira.

Pali chizolowezi chimodzi chimene timakangana nacho ndi abale pafupifupi ulendo uliwonse. Galimoto ikayamba kulira pachitunda, anyamata amadumpha n'kuthamangira kumbuyo kukakankha, wina atanyamula mwala woti aike kumbuyo kwa tayala. Mtima wake ndi wabwino, koma pikapu yopanda katundu imalemera pafupifupi matani awiri, ndipo ikaterereka palibe phewa limene lingaiimitse. Ife timawauza onse kuti atsikire m'munsi, akwere chitundacho ndi miyendo, akatidikire pamwamba. Ena amanyinyirika kuti anakwera galimoto kuti asayende pansi. Timangowapepesa.

Komabe chitunda chili ndi ubwino umodzi: chikakukana chimakuuza. Mtsetse ndiye wachinyengo, ndipo apa ndi pamene tikufuna kukhalitsapo.

Munthu akafika pamwamba amapuma, amati zovuta zatha. Phazi limapita pa buleki lokha, poti ndi mmene tinaphunzirira pa phula. Koma buleki imagwira tayala, siigwira msewu. Pa kathope kaja, mukangoponda mwamphamvu tayala limaleka kuzungulira, ndipo tayala losazungulira silimvera chiwongolero. Mukhoza kuchipotoza mpaka kumapeto, galimoto ikupitabe kumene yafuna. Pamenepo chofunika ndi chimene mtima umakana: kumasula buleki pang'ono kuti matayala ayambenso kuzungulira, n'kulozetsa mphuno ya galimoto kumunsi. Mabuleki ali ndi vuto linanso pa mtsetse wautali. Akapondedwa kosalekeza amatentha, mumamva fungo la chopserera, ndipo mafuta ake, makamaka ngati akhalitsa n'kulowa chinyontho, amawira. Chopondera chimangolowa mpaka pansi ngati mwaponda siponji.

N'chifukwa chake timaima pamwamba, kulowetsa giya wani ya 4L, kuchotsa phazi pa kilachi, n'kusiya injini kuti itsitse galimoto. Imalira ngati ikudandaula, ndipo liwiro lake ndi la munthu woyenda pansi. Amayi osenza nkhuni amatha kutipitirira n'kutipatsa moni. Zilibe kanthu. Phazi limakhala pafupi ndi buleki, kungoikhudza mwa apo ndi apo, ndipo kilachi sitiikhudza mpaka pansi.

Chiyambireni kusowa kwa mafuta kumene kunavuta kumapeto kwa 2022 ndi kubweranso mu 2024, madalaivala ambiri anazolowera kuika galimoto pa fili potsika, ena mpaka kuzimitsiratu injini. Timawamvetsa, nafenso tagonapo pa mzere wa mafuta. Koma injini ikazima, mphamvu yothandiza buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chopondera n'kuuma ngati mwala, chiwongolero nachonso n'kulemera. Ndipo phindu lake ndi lochepa kwambiri, chifukwa injini zambiri zikamatsika zili m'giya, phazi lisali pamoto, zimakhala ngati sizikumwa mafuta n'komwe. Munthu amaika moyo wa anthu khumi pachiswe kuti apulumutse mafuta osadzaza kapu.

Mu Julayi wina tinaitanidwa mbandakucha kuti azakhali athu, amene amakhala m'mudzi wa m'mwamba, abanika usiku wonse. Tinakwera bwinobwino ngakhale kuti nkhungu inali itatseka. Tinawakhazika kutsogolo, titawafunditsa bulangete, mwana wawo wamkazi atawagwirizira. Potsika, mmodzi wa ife anali pachiwongolero, wina akuyenda pansi patsogolo ndi tochi kulozera pamene pali chigwembe. Kumanzere kunali khwawa lakuya limene pansi pake sipankaoneka.

"Asuweni, tapondaniko moto pang'ono. Simukuwamva amayi mmene akupumira?" anatero mwana wawoyo, misozi ili m'maso.

Tinkawamva. Palibe mphindi zazitali ngati zimenezo, pamene wodwala akulirira mpweya pambali pako, galimoto ikukwawa ngati kamba, phazi likuyabwa. Tisanayankhe, azakhali anatsegula maso.

"Asiye ana ayende mmene akuyenderamo. Ndadwala usiku wonse, mphindi khumi sizindipha. Chingandiphe ndi khwawa ilo."

Pa kona yachiwiri kumbuyo kwa galimoto kunagwedezeka, kukuseselekera kukhwawa mwina theka la mita, kenaka matayala anagwiranso poti ankazungulira. Palibe amene analankhula mpaka tinafika pa mchenga wa m'munsi. Pa phula ndi pamene tinathamanga. Anawagoneka ku Mlambe, ku Lunzu, ndipo patatha masiku anayi anatuluka. Pobwerera anakana kuwakweza mpaka pakhomo. Anati tiwasiye m'munsi mwa chitunda, apumapuma okha ndi ndodo yawo, ndipo tinachita kuwanyengerera.

Za amene amakhala kumbuyo kwa pikapu sitimaziganizira mokwanira. Dalaivala ali m'kati, mawindo otseka. Kumbuyoko kuli agogo, amayi obereka makanda ndi ana a sukulu, kamvula kakuwanyowetsa pang'onopang'ono, mphepo ikuwaomba. Chovala chonyowa chimachotsa kutentha m'thupi msanga kuposa chouma, ndipo khanda ndi munthu wokalamba ndi amene amazizidwa mofulumira. Khanda lozizidwa silinjenjemera ngati wamkulu. Limangokhala chete, kufooka, kukana kuyamwa, anthu n'kumati mwana wagona bwino. Malo a kutsogolo ndi a khanda, wodwala ndi nkhalamba, ngakhale pakhale mkulu wolemekezeka amene anazolowera kukhala pamenepo. Mwana wakhanda amuike pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhudzana ndi khungu, chipewa kumutu, nsalu youma pamwamba. Ife timasunga lona ndi mabulangete awiri kuseri kwa mpando chaka chonse.

Zinthu ziwiri sitilola m'galimoto mwathu ngakhale kuzizire bwanji. Choyamba ndi mbaula. Pa maulendo a maliro, anthu akamanga lona pamwamba, pamapezeka wina wofuna kulowetsa kambaula kuti aziwotha. Makala oyaka pamalo otseka amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba m'miyezi yomweyi. Chachiwiri ndi kabotolo kaja amati n'kotenthetsa thupi. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda, pamene kutentha kwenikweni kukuthawa m'kati. Kwa amene wagwira chiwongolero ndiye palibe n'zokambirana zomwe. Fulasiki ya phala kapena mbatata yootcha zimagwira ntchitoyo bwino.

Nkhungu ili ndi malamulo akeake. Nyali zikhale pa dimu, chifukwa fulu imangogunda nkhunguyo n'kukubwererani m'maso. Galasi likachita thukuta m'kati, tsegulani windo pang'ono ngakhale anthu adandaule, ndipo mukatero mumamvanso zimene zikubwera. Chimene timatchera khutu kwambiri ndi njinga za makala. Zimatsika m'bandakucha kulowera m'tauni, iliyonse itasenza matumba aatali kuposa mwini wake, zambiri zopanda nyali, zina buleki yake ili phazi lopondera pa tayala. Munthu woteroyo sangaime chifukwa mwamuimbira hutala. Timaliza hutala tisanalowe pa kona iliyonse, ndipo tikamumva timakanikizira galimoto kumbali ya phiri n'kuima. Tikakumana ndi galimoto inzathu pamalo opanikiza, wotsika ndi amene amapatsa njira wokwera, chifukwa amene waima pakati pa chitunda amavutika kunyamukanso.

Palinso vuto la Lachisanu, limene mabanja athu amalidziwa bwino. Mu Juni dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo kukakhala chiperoni mdima umayamba kale isanakwane. Munthu wachedwa kumunda, matumba sanathe kusoka, kunyumba madzi osamba akudikira, ndipo mtima uli pa Sabata. Changu chimenecho ndi chimene chimakankha phazi pamtsetse. Ife tinagwirizana kuti ulendo wa kuphiri wa Lachisanu uzikhala utayamba kutsika pofika 2 koloko. Matumba amene sanakonzeke amagona komweko mpaka Lamulungu. Ndi bwinonso kutenga maulendo awiri kusiyana ndi kusanjikiza matumba a makilogalamu 50 mpaka kupitirira denga, chifukwa katundu wam'mwamba ndi amene amapendeketsa galimoto tayala limodzi likalowa m'chigwembe. Olemera akhale pansi, pafupi ndi kabini, omangidwa ndi chingwe.

M'mawa wozizira dizilo imafuna kuipatsa nthawi. Dikirani kanyali ka mahita kazime musanalize, ndipo ngati batire ndi yotopa igulireni ina Juni asanafike, m'malo modalira kuti muziigoneka pamtsetse n'kumailiza chogubuduza. Khasu, fosholo, chikwanje ndi chingwe cholimba zizikhala m'galimoto. Khasu ndiye timaligwiritsa ntchito kuposa zonse, kupalira kathope kapamwamba kuti tayala lipeze dothi louma, kapena kugwetsera miyala m'chigwembe.

Mukafika pa phula imani kaye. Chotsani 4L, masulani mahabu, chifukwa galimoto za mtundu uwu zikayenda pa phula zili zokhoma, zitsulo za pansi zimalimbana zokhazokha ndipo matayala amadyeka. Pondani buleki kangapo muli pang'onopang'ono kuti mumve ngati ikugwira, ndipo pa malo oyamba opopera bwezerani mpweya uja munachotsa. Kenaka yang'anani kumbuyo, muwerenge anthu, mufunse ngati khanda likuyamwa.