Mwala wobiriwira wa bambo anga

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndikuululirani mlandu umene ndinapalamula teremu yatha. Mpaka pano mlongo wanga sanandikhululukire.

Bambo anga anagwira ntchito ku migodi ya kopa ku Kitwe, m'dziko la Zambia, ine ndisanabadwe. Pobwerera kumudzi anabwera ndi wailesi, jekete lolemera, chifuwa chosatha, ndi mwala wobiriwira wosemedwa ngati dzira la bakha. Ankati anaugula kwa wamalonda wa ku Zaire, dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo. Mwalawo unkakhala pamwamba pa kabati ndipo ife ana sitinkaloledwa kuukhudza. Bambo ankakonda kuuloza n'kunena kuti, "Umu muli kopa." Ine ndinkaseka chamumtima. Kopa ndinkamudziwa, ndi wofiirira ngati waya wa magetsi. Angabisale bwanji m'mwala wobiriwira ngati masamba a nkhwani?

Dzina lake ndinakalidziwira ku koleji. Ndi malachite. Umapangika pamene madzi ndi mpweya zafika pa miyala ya kopa yomwe ili pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo umakula pang'onopang'ono, gawo pamwamba pa linzake. N'chifukwa chake ukadulidwa umaonetsa mizere yozungulira, ina yobiriwira kwambiri, ina yoyererako. Wambiri umene umasemedwa masiku ano umachokera ku Katanga, kumadera a Kolwezi, Likasi ndi Lubumbashi. Anthu amaupanga mikanda, ndolo, zibangili ndi timabokosi. Kale ku Egypt ankaupera n'kumadzola m'zikope. Ku Russia unkakumbidwa m'mapiri a Ural, ndipo m'nyumba yachifumu ya ku St Petersburg muli chipinda chomwe zipilala zake anazikuta ndi mwalawu. Anthu a ku Katanga nawo ankausungunula n'kupeza kopa, yemwe ankamuumba ngati mtanda n'kumagwiritsa ntchito ngati ndalama azungu asanafike.

Bambo atamwalira, abale anagawana katundu. Ine ndinangopempha mwalawo.

Tsono teremu yatha ndinafika pa mutu wa ma carbonate. Botolo la copper carbonate mu labotale yathu linali litauma kalekale, ndipo inu anzanga mukudziwa mmene pempho la mankhwala limayendera. Ndinachita zimene ndakhala ndikuchita chaka ndi chaka, kujambula pa bolodi n'kuuza ana kuti akhulupirire. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, inuyo zimenezi munazionapo ndi maso, kapena nanunso munangouzidwa?" Kalasi inaseka. Ine sindinaseke, chifukwa funsolo linali lachilungamo.

Usiku umenewo ndinautenga mwala uja n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Malachite ndi mtundu wa copper carbonate wachilengedwe, ndipo kuposa theka la kulemera kwake ndi kopa. Chimene chinkasowa kusukulu chinali pa shelefu panga. Koma ndi chinthu chokhacho cha bambo chimene ndili nacho.

M'mawa ndinaunyowetsa kaye, poti fumbi lake si labwino kulipuma, kenako ndinaupala kunsi ndi mpeni. Sunalimbe. Pa sikelo ya Mohs, yomwe imafika pa 10, malachite ali pakati pa 3.5 ndi 4 basi, choncho mpeni wamba umaukanda mosavuta. Ndinapeza ufa wosakwana theka la supuni yaing'ono, wobiriwira moyererako.

Ufawo ndinaugawa pawiri. Gawo loyamba ndinaliwotcha mu chubu. Ana akuonerera, kubiriwira kuja kunayamba kuzimirira mpaka ufa wonse unada bii, ndipo mpweya wotulukamo unasandutsa madzi a laimu kukhala ngati mkaka. Gawo lachiwiri ndinalidonthezera asidi wosungunula. Linachita thovu, n'kusungunuka, madzi n'kusanduka obiriwira mopita ku buluu. M'madzimo ndinaviikamo msomali watsopano. Titautulutsa patapita mphindi zingapo, unali utakutidwa ndi utoto wofiirira.

Ndinauimika m'mwamba msomaliwo, koma mawu anandithawa. Ana ankaganiza kuti ndikudikira yankho. Mtsikana uja ndiye ananena motsitsa, "Ndi kopa." Bambo anga, amene sanamalize pulayimale, ankanena zoona zaka zonse zija, ndipo ine wa dipuloma ndinali ndisanawavomereze.

Kwa inu amene muli ndi mkanda kapena ndolo za mwalawu, phunziro ndi lomwelo. Musaziyandikize ku mandimu, viniga kapena moto, ndipo musazisunge pamodzi ndi makiyi. Kansalu kofewa n'kokwanira kupukutira. Mukamagulanso chenjerani, chifukwa kuli wabodza wapulasitiki. Weniweni amalemera m'dzanja, amazizira mukamugwiritsa patsaya, ndipo mizere yake siyofanana ngati yojambula ndi makina.

Mlongo wanga anabwera kudzacheza pa holide. Anautenga mwalawo monga amachitira nthawi zonse, n'kuutembenuza, n'kuona chipsera. "Achimwene, mwala wa adadi mwautani?" Ndinamufotokozera zonse, ndinamuonetsanso msomali, womwe ndimausunga m'kabotolo. Anangoti ana a eni ake akanakhoza mayeso ngakhale popanda zimenezo. Mwina akunena zoona. Chipseracho sichidzatha, ndipo sindinamufunse aliyense ndisanapale.

Mwalawo wabwerera pa shelefu, kabotolo ka msomali kali pambali pake. Chaka chamawa mutu wa ma carbonate udzabweranso, ndipo botolo la kusukulu lija likadali louma. Sindinaganize chochita.